Chenjezo kwa Anthu a ku Thambani: Musalole Kubooledwa Nsagwada Musanafufuze

Uthenga uwu ukupita kwa anthu onse a ku Thambani ndi midzi yozungulira, mafumu athu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi, komanso ana athu amene ali ku Joni, ku Tete ndi ku Blantyre omwe amatumiza ndalama kumudzi. Nkhani yake ndi ya mano a kuchibwano, aja timatafunira, ndi kachitsulo kamene madokotala a mano amaika m'fupa la nsagwada dzino likazulidwa, komwe amakatcha implanti. Pa Facebook, pa TikTok ndi m'magulu a WhatsApp mukuyenda zithunzi za anthu akumwetulira mano ali mbee, pansi pake atalemba kuti dzino lozulidwa limabwerera tsiku limodzi. Mafoni anafika kale m'midzi mwathu, ndipo mabasi a ku Johannesburg amadutsa pachipata cha Mwanza usana ndi usiku. Zimene kale zinali nkhani za anthu olemera a m'tauni tsopano zikukambidwa pamsika, pachigayo ndi pamaliro, ndipo ambiri akuzimva mbali imodzi yokha, mbali ya wotsatsa malonda.

Ndikupempheni zinthu ziwiri ndisanapite patali. Musazulitse dzino limene likadatheka kulimata poganiza kuti mudzagula lina lachitsulo. Ndipo ngati dzino linazulidwa kale, musalole munthu aliyense kukuboolani fupa la nsagwada musanatsimikize kuti ndi dokotala wa mano wolembedwa m'kaundula wa boma, kuti wakujambulani X-ray n'kuiona bwino, komanso kuti mudzatha kubwerera kwa iye kangapo konse kwa miyezi ingapo. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, bwererani kwanu ndi ndalama zanu.

Implanti payokha si chinthu choipa, ndipo sindikufuna wina andimve choncho. Ndi ntchito yabwino kwambiri ikakhala m'manja oyenera. Anaitulukira ndi dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, amene m'zaka za m'ma 1950 ankafufuza za kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu. Anaika tizitsulo ta titanium m'mafupawo, ndipo pofuna kutichotsa anapeza kuti fupa lagwirana ndi chitsulocho moti sizikulekana. Mu 1965 anaika ma implanti oyamba m'kamwa mwa munthu, bambo wina wa ku Gothenburg dzina lake Gösta Larsson, ndipo bamboyu anatafunira mano amenewo mpaka pamene anamwalira mu 2006. Masiku ano, ntchitoyi ikagwiridwa bwino, ma implanti oposa 90 pa 100 alionse amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 10. Koma onani zaka zimene zinadutsa pakati pa akalulu aja ndi munthu woyamba. Mwini wake wa nzeruyi sanathamange. Tsono wokuuzani kuti bwerani m'mawa, madzulo mukadyere chimanga chokazinga, nzeru yakeyo waitenga kuti?

Ambiri akaona chithunzi amayesa kuti dzino lachitsulo amangolisomeka m'bowo mmene munachoka lakale. Sizili choncho. Iyi ndi opaleshoni. Dokotala amabaya jakisoni wa dzanzi, amang'amba nkhama, n'kuzikanula mpaka fupa lionekere poyera. Kenako amaboola fupalo ndi makina, kuyamba ndi kobowolera kakang'ono, n'kumasintha pang'onopang'ono mpaka bowo lifike mlingo umene anayeza pa X-ray. Nthawi yonseyo pamakhala pakuthiridwa madzi amchere ozizira, a m'botolo la kuchipatala, chifukwa fupa likatentha kupitirira madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha limafa, ndipo fupa lakufa siligwira chitsulo. Bowo likakwana amalowetsamo kabawuti ka titanium kokhala ndi mazinga, n'kusoka nkhama. Apo ntchito sinathe. Fupa limafuna miyezi itatu, nthawi zina mpaka isanu ndi umodzi, kuti likule n'kugwirana ndi chitsulocho. Ndipamene munthu amabwerera kuti akamuyeze m'kamwa, akamupangire mutu wa dzino, n'kubwereranso kuti akaumange pa kabawuti kaja. Ilipo njira yoika implanti tsiku lomwelo lozula dzino, koma madokotala amaisankhira anthu ochepa amene fupa lawo lili lolimba ndiponso mulibe mafinya, ndipo ngakhale iwowo saloledwa kutafunira zolimba mbali imeneyo mpaka fupa litapola. Mano a kuchibwano ndiwo amasenza mphamvu yaikulu ya kutafuna. Kumeneko ndiye kosafunika phuma mpang'ono pomwe.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene chili mkati mwa fupa, chimene maso sachiona. M'nsagwada ya m'munsi, pansi penipeni pa mizu ya mano a kuchibwano, mumadutsa mtsempha umene umapangitsa kuti mlomo wa m'munsi ndi chibwano zizimva kukhudza, kutentha ndi kuzizira. Kwa anthu ena mtsemphawu umakhala pafupi kwambiri ndi mizu, mwina mamilimita ochepa chabe. Kobowolera kakalowa mopitirira n'kuukhudza, munthu amadzuka m'mawa dzanzi la jakisoni lisanachoke, mawa lake chimodzimodzi, sabata n'kutha. Akamamwa tiyi, tiyiyo amatsika pachibwano iye osamva. Amadziluma mlomo mpaka magazi osadziwa. Ena m'malo mwa dzanzi amamva kutentha ngati moto, kapena kubaya kosalekeza usiku wonse. Dokotala akadziwa msanga, mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri, n'kuchotsa implantiyo, mtsempha ukhoza kuchira. Akachedwa, dzanzi limatha kukhala la moyo wonse. Tsono taganizani munthu amene waikidwa implanti Lachisanu, Loweruka wakwera basi, wadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, wafika pa Mwanza, wakwera kabaza mpaka ku Thambani. Pamene akuzindikira kuti mlomo sukubwerera mwakale, masiku aja ofunika atha kale, ndipo amene anamuboola ali kutsidya kwa malire atatu.

Kumtunda nako kuli vuto lake. Pamwamba pa mizu ya mano a kuchibwano, m'fupa la tsaya, muli mphanga ya mpweya imene imalumikizana ndi mphuno. Fupa lolekanitsa mphangayo ndi m'kamwa nthawi zambiri limakhala lopyapyala ndiponso lofewa kuposa la m'munsi. Woboola mosayeza amatulukira m'mphangamo. Zikatero madzi amene munthu akumwa amatha kutulukira m'mphuno, mphuno imodzi imayamba kutulutsa mamina onunkha, tsaya limalemera ndi kuwawa munthu akawerama. Zinachitikapo m'mayiko ambiri kuti kabawuti konse kanagwera m'mphangamo, n'kufunika opaleshoni ina kuti akakatulutse. N'chifukwa chake dokotala weniweni sayamba ntchito asanaone chithunzi cha nsagwada yonse, ndipo pa mano a kuchibwano ambiri amafuna chithunzi cha makina otchedwa CBCT, chimene chimaonetsa kutalika ndi kukhuthala kwa fupa komanso pamene mtsempha wadutsa. Munthu amene akungokuunikani ndi tochi ya foni n'kunena kuti fupa lanu lili bwino, ameneyo akuchita kulosera.

Palinso za fupa lenilenilo. Dzino likachoka, fupa limene linkaligwira limayamba kufota chifukwa latha ntchito. M'chaka choyamba lokha likhoza kuchepa m'lifupi mpaka theka, ndipo kufota kwambiri kumachitika m'miyezi itatu yoyamba. Amene anazulitsa dzino zaka zisanu kapena khumi zapitazo kawirikawiri fupa lake silikwana. Mzati wa nyumba suima pa mchenga wosaya, ngakhale mtengo wake utakhala wa mlombwa. Potero dokotala amayamba wawonjezera fupa, kapena kukweza pansi pa mphanga ija, ndipo imeneyo ndi opaleshoni ina, ndalama zina, ndi miyezi ina yodikira. Wotsatsa malonda satchula zimenezi pa chithunzi chake.

Tsono si thupi lililonse limene limalandira implanti. Kwa osuta fodya, kaya wa m'paketi kaya chingambwe, ma implanti amalephera kawirikawiri kuposa kwa osasuta, chifukwa utsi umachepetsa magazi ofika ku nkhama. Amayi ndi agogo amene amaika fodya wopera kunsi kwa mlomo nawo ali m'gulu lomweli. Odwala matenda a shuga amene shuga wawo sakutsika zilonda zawo zimachedwa kupola ndipo zimachita mafinya msanga, ndipo m'midzi mwathu alipo ambiri amene ali ndi shuga koma sanayezetsepo. Amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, amene analandirapo chithandizo cha khansa chowotcha ndi makina kumutu kapena kukhosi, ndi amene akumwa kapena kubayidwa mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate, onsewa ayenera kuuza dokotala asanawakhudze, chifukwa kwa ena mwa iwo fupa la nsagwada likavulazidwa limawola osapola. Mwana kapena wachinyamata amene nsagwada yake ikukulabe saikidwa implanti. Amadikira mpaka atapitirira zaka 18, ena kuposerapo. Mayi woyembekezera amadikira kaye abereke, ngakhale kuti kumata kapena kuzula dzino lowawa n'kololedwa pa nthawi ya pakati. Amene muli pa ma ARV musadzione ngati otsalira: ngati mukumwa mankhwala mokhulupirika ndipo kachilombo kachepa m'magazi, implanti ikhoza kugwira ngati kwa wina aliyense. Chofunika n'kuuza dokotala zoona, buku lanu la kuchipatala lili m'manja. Ndipo dokotala amene sanakufunseni n'komwe za matenda anu ndi mankhwala amene mukumwa, musamutsegulire pakamwa.

Za zipangizo ndinena mwachidule, poti nkhaniyi tonse tikuidziwa kuchokera ku malezala ndi majakisoni. Chilichonse cholowa m'fupa chiyenera kuphikidwa m'makina a nthunzi yotentha madigiri 121 kapena 134. Kupukuta ndi sipiriti kapena kuviika m'madzi otentha a pambaula sikukwanira. Zipangizo zosaphikidwa zimafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ndipo kachilombo ka hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Implanti yeniyeni imabwera m'kabotolo komata, ndipo amakatsegula inu mukuona.

Nanga ndani ali woyenera kugwira ntchitoyi? Tiyeni tiyang'ane dziko lathu mmene lilili. Pofika mu 2019, Malawi yense, dziko la anthu pafupifupi 18 miliyoni pa nthawiyo, anali ndi madokotala a mano osakwana 50, ambiri a iwo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo onse anaphunzira kunja. Chaka chimenecho ndi pamene sukulu ya udokotala ku Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mogwirizana ndi University of Glasgow, mothandizidwa ndi boma la Scotland, pa ntchito yotchedwa MalDent. Mu 2022 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa. Zinthu zikusintha, ndipo tiyamike, koma madokotalawo akadali ochepa kwambiri. Amene amatithandiza m'zipatala za m'maboma ndi akatswiri othandizira za mano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Anthu amenewa amagwira ntchito yaikulu, amazula, amamata, amatsuka mano, ndipo ndiwo oyamba kuwaona dzino likavuta. Koma kuika implanti si gawo la maphunziro awo. Ngakhale pakati pa madokotala a mano enieniwo, si onse anaphunzira ntchito imeneyi. M'Malawi muno imapezeka m'zipatala zochepa zolipira za m'mizinda. Choncho mukamva kuti kwabwera munthu pamsika, m'chipinda cha lendi kuseri kwa sitolo kapena pa nyumba yogona alendo kuboma, ati akuika mano achitsulo kwa masiku atatu okha asanapitirire ulendo, dziwani kuti palibe chipatala chovomerezeka chimene chimagwira ntchito motero.

Lamulo la dziko lino la 1987 lokhudza madokotala ndi madokotala a mano linakhazikitsa bungwe la Medical Council of Malawi, limene lili ku Lilongwe. Aliyense wogwira ntchito ya mano, kaya ndi Mmalawi kaya ndi mlendo, ayenera kulembedwa kumeneko, ndipo chipatala chake chiyenera kukhala ndi chilolezo. Muli ndi ufulu wopempha kuona chiphaso chake ndi kufunsa ku bungwelo ngati dzinalo lilimodi. Ku South Africa bungwe lotere ndi Health Professions Council of South Africa, ndipo mayina a olembedwa amapezeka pa intaneti. Ife a kumudzi timachita manyazi kufunsa munthu wovala gawuni yoyera, timaona ngati n'chipongwe. Si chipongwe. Dokotala woona sakwiya mukamufunsa kuti, "Adokotala, ntchito imeneyi munaiphunzira kuti, ndipo mwaigwira kangati? Nanga ikandivuta ndili kumudzi ndidzatani?" Amakuyankhani modekha, ndipo nthawi zina amakuuzani yekha kuti implanti si yoyenera inu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndilankhule tsopano ndi inu ana athu a ku Joni, chifukwa mtima wanu ndi wabwino ndipo ndi inu amene mungagwe m'mbuna imeneyi mosavuta. Mwagwira ntchito m'minda ya azungu, m'mashopu, m'nyumba za anthu, mwasunga kangachepe, ndipo mukufuna amayi anu adyenso nyama ndi chinangwa monga kale. Mukuganiza zowaitana kwa mwezi umodzi kuti akawaike dzino n'kubwerera. Ku South Africa kuli madokotala a mano aluso kwambiri, ndipo kuli ngakhale kampani yopanga ma implanti yotchedwa Southern Implants, pafupi ndi Pretoria. Vuto si luso la kumeneko. Vuto ndi loti Mmalawi wolowa ngati mlendo amapatsidwa masiku 30, pamene fupa likufuna miyezi itatu kapena kuposa. Amayi adzabwerera kabawuti kali m'fupa kopanda mutu, ndipo ulendo wachiwiri udzafuna ndalama zina za basi, za chakudya ndi za dokotala. Ndalamazo zikasowa, kabawutiko kamangokhala, ntchito ili theka. Mukadziwa kuti maulendo awiri kapena atatu simungawakwanitse, musayambe n'komwe.

Dziwaninso kuti ma implanti sapangidwa mofanana. Makampani ake ndi ambirimbiri, monga Straumann wa ku Switzerland, Nobel Biocare, ndi ena a ku South Korea, Brazil ndi Israel, ndipo aliyense ali ndi mazinga ake, mitu yake ndi zomasulira zake. Cha kampani ina sichilowa pa cha inzake. Mutu wa dzino ukamasuka kapena kusweka patatha zaka zitatu, dokotala wa ku Blantyre sangathandize msanga ngati sakudziwa mtundu wa chimene chili m'fupa mwanu. Choncho amene mwaikidwa kale, kapena mwatsimikiza zoikidwa, musachoke m'chipatala opanda kapepala kolembedwa dzina la kampani, mtundu wa implanti, kutalika ndi kukula kwake, nambala yake, tsiku limene anaika, ndi dzina la dokotala. Pemphaninso X-ray yanu. Zisungeni pamodzi ndi buku la kuchipatala, mu pulasitiki, kopanda chiswe.

Za mtengo ndingonena izi. Kabawuti ka implanti sikapangidwa m'Malawi muno. Kamagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, zomwe n'zosowa, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Wina akamakutchulirani mtengo wotsika modabwitsa, dzifunseni kuti wachotsapo chiyani: X-ray, kuphika zipangizo, chitsulo chenicheni, kapena maphunziro. Pemphani mtengo wonse olembedwa papepala, kuyambira kujambula, kuwonjezera fupa, kabawuti, mutu wa dzino mpaka maulendo obwereza. Musatumize ndalama ya chikole pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene mwangomudziwira pa foni. Ndipo musagulitse mbuzi, munda wa manachesi kapena chimanga cha chaka chonse chifukwa cha dzino limodzi lakumbuyo musanamve zimene ndikufuna kunena tsopano.

Si mpata uliwonse wa m'kamwa umene uyenera kutsekedwa. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32. Anayi akumapeto kwenikweni, aja amamera munthu atakula kale, akazulidwa sabwezeretsedwa ndipo palibe chimene chimasowa. Dzino lachiwiri kuchokera kumapeto likachoka, anthu ambiri amatafuna bwinobwino ndi otsalawo. Mu 1981 dokotala wa ku Netherlands, Arnd Käyser, anaonetsa kuti munthu wokhala ndi mano onse akutsogolo pamodzi ndi ang'onoang'ono otsatana nawo, mano okwana 20 okumana bwino m'mwamba ndi m'munsi, amatha kudya ndi kulankhula mokwanira. Mu 1992 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatenga mano 20 omwewo kukhala mlingo umene munthu ayenera kukhala nawo moyo wake wonse. N'zoona kuti mpata ukakhalitsa, dzino loyandikana nalo likhoza kupendekeka ndipo lokumana nalo likhoza kutsika, makamaka dzino likachoka munthu akadali wamng'ono. Koma izi sizichitika kwa aliyense, ndipo zimayenda pang'onopang'ono moti dokotala akhoza kuziona pa nthawi yake. Amene mpata ukumuvutitsadi ali ndi njira zina zosaboola fupa. Alipo mano oikirira, ovula usiku, otsika mtengo kwambiri ndipo akathyoka amakonzeka. Lilipo dzino lomangirira pa mano awiri oyandikana nalo, ngakhale kuti pamafunika kusema mano awiriwo. Dokotala wachilungamo amakuyalirani njira zonsezi, kuphatikizapo yongosiya mpatawo, inu n'kusankha. Wokuopsezani kuti mukapanda kuika implanti mwezi uno nkhope yanu igwa, akufuna ndalama zanu.

Chimene chimandipweteka mtima n'choti mano ambiri amene timazulitsa sanayenere kufika pozulidwa. Dzino limabooka pang'onopang'ono, kwa miyezi kapena zaka. Limayamba ndi kunyerenyetsa munthu akamwa madzi ozizira kapena tiyi wa shuga. Pamenepo likhoza kumatidwa tsiku limodzi. Ife timadikira mpaka tsaya litatupa, mayi atamanga mpango kuzungulira chibwano, wakhala pabenchi ya chipatala kuyambira m'bandakucha, malovu sakumezeka, mawu ake ndi amodzi okha: "Adokotala, ingolichotsani." Pofika apo wachipatala alibe chochita china. Ndipo pakati pa kunyerenyetsa kuja ndi kutupaku timachita zinthu zoononga. Ena amaika asipirini pa nkhama, ndipo amawotcha nkhamayo n'kusiya chilonda choyera. Ena amadontheza mafuta a mabuleki, petulo kapena madzi a batire m'bowo la dzino. Zimenezi ndi poizoni. Ena amagula makapisozi awiri atatu pamsika, ululu ukachepa n'kusiya, mafinya ali mkati akusonkhana. M'dzino mulibe nyongolotsi yoti wina aitulutse ndi utsi. Chimene chimaboola dzino ndi asidi wopangidwa ndi tizilombo tosaoneka ta m'kamwa tikamadya shuga wotsalira pa mano.

Makolo, yang'anani m'kamwa mwa ana anu. Dzino loyamba la kuchibwano la munthu wamkulu limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa mano a ubwana, popanda lina kugweruka. Ambiri timaliyesa la ubwana, n'kumati libooke, lidzamera lina. Silimeranso. Ndi dzino limeneli limene limazulidwa kwambiri, ndipo ndi lomweli limene mwanayo akadzakula adzalifunire implanti. Masiwiti, mafirizi, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera za pageti la sukulu, mwana akamangodya pafupipafupi tsiku lonse, ndizo zimalimaliza. Atsuke m'kamwa kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, makamaka asanagone, alavule koma asachukuche ndi madzi. Kachubu kamodzi ka mankhwalawa n'kotsika mtengo kuposa ulendo umodzi wa kabaza wopita kuboma.

Amene mwangozulitsa dzino kumene, lumani kathonje kamene akuikirani pabala kwa theka la ola. Tsiku loyamba musachukuche, musalavulelavule, musasute, musamwe mowa, ndipo musatokose pabalapo ndi lilime kapena kamtengo, chifukwa magazi oundana aja ndiwo chivundikiro cha fupa. Kuyambira tsiku lachiwiri chukuchani pang'onopang'ono ndi madzi ofunda amchere. Ululu ukabwerera mwamphamvu patatha masiku awiri kapena atatu, m'kamwa n'kumanunkha, bwererani kuchipatala.

Tsopano mvetsetsani izi, chifukwa apa pali moyo ndi imfa. Kaya vuto layamba ndi dzino lowola, kaya lozulidwa, kaya implanti, munthu akatupa pansi pa chibwano kapena khosi, kutupako kuli gwa ngati thabwa, lilime likukwera m'mwamba, akulephera kumeza malovu, pakamwa sipakutseguka, mawu asintha, thupi latentha, kapena kutupa kwafika m'diso, musadikire kuti kuche. Mafinya a mano a kuchibwano a m'munsi amatha kutsikira kukhosi n'kutseka njira ya mpweya m'maola ochepa. Musapite naye kwa asing'anga kukatemera, musamuthowe ndi madzi otentha. Thamangirani naye ku chipatala cha Thambani kuti amutumize msanga ku chipatala chachikulu cha Mwanza, ndipo kukafunika akafike ku Queen Elizabeth ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera paboma. Mmene msewu wathu umakhalira nthawi ya dzinja mukudziwa nokha, choncho nyamukani kutupa kukangoyamba. Magazi osasiya kutuluka ngakhale mwaluma nsalu yoyera kwa ola lathunthu nawo ndi ofunika kuchipatala usiku womwewo.

Kwa amene implanti ili kale m'kamwa ndipo ikugwira bwino ntchito, musaiwale kuti chitsulo sichibooka koma nkhama ndi fupa zozungulira zimadwala. Litsiro likamasonkhana m'mphepete mwake, nkhama zimafiira, zimatuluka magazi potsuka, kenako fupa limayamba kudyeka mwakachetechete, kawirikawiri popanda ululu. Pamene implanti iyamba kugwedera, yatha, ndipo iyenera kuchotsedwa. Tsukani mozungulira tsiku lililonse, pakati pa mano pomwe, ndipo kaonetseni kwa dokotala kamodzi pa chaka ngakhale palibe chowawa. Musatsegulire botolo ndi mano, ndipo mzimbe muzidula ndi mpeni.

Mafumu athu, mlendo akabwera m'mudzi mwanu kudzapempha malo oti azizulirapo kapena kuikirapo mano, muyambe mwaona chiphaso chake cha Medical Council of Malawi ndi kalata yochokera ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Mwanza. Akakhala alibe, musamupatse bwalo, ndipo dziwitsani a chipatala ndi apolisi tsiku lomwelo. Abusa, mashehe ndi aphunzitsi, lengezani uthengawu m'mapemphero ndi pa mzere wa m'mawa. Alangizi a zaumoyo, unenedwe pa sikelo ya ana. Inu amene mwawerenga, awerengereni agogo ndi ena osatha kuwerenga, ndipo mutumizire abale athu a ku Joni ndi ku Tete asanalipire ndalama kwa aliyense. Amene dzino layamba kumunyerenyetsa, apite ku chipatala cha Mwanza sabata ino likadali lotheka kumata.